Phazi la Nkhuku pa Fomu ya Inshuwalansi

4 Malichi

Kamsomali mwana wanga,

Wandichititsa manyazi pamaso pa anthu. Moni abwera pambuyo, uyambe wamva zimenezi.

Zaka ziwiri zapitazo unabwera kuno ndi fomu ya kuntchito kwako, n'kunena kuti ine ndi amayi ako watilowetsa mu inshuwalansi, tikadwala tizingotchula dzina lako basi. Lachiwiri ndinalitchula. Mtsikana wa pawindo ku chipatala cholipira anajomphajompha kompyuta yake, n'kundiuza kuti, "Agogo, mayiwa mulibe muno." Ndinati yang'ananso bwino. Anati, "Ngakhale inuyo mulibe." Ine wokhoma zidebe wa zaka makumi anayi, amene msewu wonse umatungira madzi m'ndowa zanga, akuti mulibe! Kumbuyo kwanga kunali mzere wa anthu, ndipo wina anaseka.

Tsopano moni. Uli bwanji kumeneko? Ine ndili bwino, kupatula makutu omwe nyundo inatha kale. Usandiuze za foni. Pafoni umamveka ngati uli m'botolo, ndipo ndikangoyamba kukuyankha umati mayunitsi atha. Kalata sidula munthu mawu. Ndikunena ine, akulemba ndi amayi ako, monga mwa masiku onse.

Amayi akowo sali bwino. Mutu unayamba mvula isanagwe, iwo n'kumati ndi phokoso langa. Mwezi watha anaima pakhomo la shopu masanasana, n'kundifunsa kuti ndikuwotcha chiyani, akumva fungo la mtovu wopsa. Moto ndinali ndisanakoleze n'komwe. Ndisanayankhe anagwa, thupi lonse kugwedezeka, maso ali gwa padenga. Ku chipatala cha boma anati tikajambulitse mutu, koma makina awo anafa. Tinakajambulitsa kolipira, ndipo makina anga opindira malata anapita pamenepo.

Chithunzicho chikuonetsa chotupa ngati dzira la nkhunda, mbali ya kumanja. Dokotala akuti n'chochotseka, sichinamere mizu, koma pafunika dokotala wotsegula mutu, ndipo chisachedwe. Ndinafunsa mtengo wake. Atautchula ndinayesa akundipatsa nambala ya foni.

Ndiye pita kwa mabwana ako ukawafunse kuti amayi ako anawaika kuti. Ine mbali yanga ndinachita. Fomu ndinaidinda ndi chidindo changa, amayi ako anaitumiza, ndipo kampani inayankha ndi kalata yothokoza. Amayi ako anandiwerengera ndi pakamwa pawo.

Ndine bambo ako.

Mwanawe, awa ndi mawu anga ine mayi ako. Abambo ako akuyesa ndikulemba adiresi. Usawakwiyire. Ku ofesiko usakafunse mokweza. Ukaona mizere ikuthawira kumanja usadabwe, tebulo ndi lopendekeka.


13 Malichi

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Kalata yanu adalaivala a basi andipatsa dzulo. Ndinaiwerenga nditaimirira pakati pa makina ochapira, ndipo nsalu zina zinapserera pa ayironi. Ine ndili bwino. Mayi, mukumwa mankhwala oletsa kugwa aja?

Ku ofesi ndapita. Amayi a mafayilo anatsegula buku lawo n'kundionetsa. Fomu inafikadi, anaidinda tsiku lomwe inafika, koma sabata yomweyo anaibweza kwa inu. Akuti mbali ya Mayi inali yosainidwa bwinobwino, koma posaina Bambo panali bowo, pepala litabooledwa ndi chitsulo. Fomuyo ndi imodzi ya nonse awiri, ndiye analemba kuti Bambo asaine kapena adinde chala. Mpaka lero sinabwererenso.

Bambo, tsiku lija ndinakupemphani kuti mudinde chala, inu munati chala amadinda ndi akuba kupolisi. Ine nditakwera basi ndiye munatenga chidindo chanu cha phazi la nkhuku, chomwe mumakhoma pansi pa ndowa, n'kuchimenya ndi nyundo papepala? Sindikukunyozani ayi. Nanenso ndili ndi mlandu. Zaka ziwiri sindinayang'anepo pepala la malipiro kuti ndione ngati akundidula ya inu. Ndinkangoona kuti ndalama yafika, n'kuthokoza.

Chikundiwawa n'chakuti ntchito imeneyi imachitika pamwamba penipeni pa mutu wanga. Ife ochapa zovala za chipatala chino tili pansi, dokotala wa mutu ali pa nsanjika yachitatu. Lachitatu lililonse zovala zake zobiriwira zimatsika m'thumba n'kudutsa m'manja mwanga. Saizi ya malaya ake ndikuidziwa, nkhope yake sindinaionepo. Ndinafunsa ngati wantchito angachotseredwe mtengo. Anati wantchito inde, mayi wake wopanda khadi ayi.

Kubwera sindingathe tsopano. Ulendo ndi masiku awiri, tchuthi changa ndi cha Juni, ndipo ndikajomba andichotsa. Akandichotsa ndiye kuti ngakhale khomo logogodapo palibe. Pitaninso ku chipatala cha boma akakulembeni pa mndandanda wa dokotala wa mutu.

Mayi, kalata yothokoza ija ili kuti? Komanso tebulo lathu si lopendekeka, analikhoma Bambo okha. Theka la pepala lanu la kumanzere lilibe chilembo ngakhale chimodzi.

Mwana wanu,
Kamsomali


28 Malichi

Kamsomali,

Moni. Amayi ako andiwerengera kalata yako. Ndiye akuti fomu anaitaya okha ku ofesi? Ndinadziwa ine. Anthu a mataye amenewo ukawapatsa ndowa kuti asunge, mawa adzakuuza kuti inalibe chogwirira. Ukawauze kuti mwini fomu akuti aifune. Koma kalata yako inali masamba awiri, mawu ake n'kutha msanga chonchija. Ukulemba zilembo zikuluzikulu masiku ano?

Ku chipatala cha boma tinapita. Dokotala wotsegula mutu alipo mmodzi yekha, anthu omudikira ngati nyerere pa fupa. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pafupi nafe panali bambo wina ndi mkazi wake womanga nsalu kumaso. Anati iwo analembedwa chaka chatha, awasuntha kanayi. Anandilozera malo pabenchipo, akuti apa pamakhala mphunzitsi wina, apa mayi wogulitsa nsapato. Ndinafunsa kuti anawachita opaleshoni? Anangoti, "Anasiya kubwera."

Ife atilemba Novembala. Ndinamufunsa mlembiyo ngati chotupacho achiuza kuti chidikire Novembala. Sanaseke. Namwino wina anandikokera pambali, akuti, "Bambo, a inshuwalansi amangowoloka msewu kupita kolipira, sabata yomweyo atsegulidwa." Ndinati ifenso ndife a inshuwalansi, kungoti mapepala athu ali ndi zitsiru.

Kunyumba kuno zinthu zikundidabwitsa. Amayi ako amadya mbali imodzi ya mbale, inayo n'kuisiya, kenaka amati sanakhute. Ndikaitembenuza mbaleyo amathokoza kuti ndawaonjezera. Tsitsi amapesa theka. Dzana ndinaima kumanzere kwawo n'kuwalankhula, iwo anayankha khoma la kumanja. Atelala a khomo loyandikana nalo ayamba kusuzumira, akuti angathandize chiyani. Ndinawauza kuti athandize posoka mabatani awo. Zaka makumi awiri akudandaula za nyundo yanga, lero ndiye aoneke achifundo?

Fulumira nazo za ku ofesizo.

Ndine bambo ako.

Mwanawe, ndine mayi ako. Abambo ako apita kukatsekera shopu. Fomu ija inabweradi, pamodzi ndi kalata yonena za chala. Tsiku limenelo anali atangomaliza ndowa makumi atatu za sukulu, akuimba. Anandifunsa kuti kampani ikuti chiyani. Ndinayang'ana nkhope yawo, n'kunena kuti akuthokoza. Ndinkati ndidzawauza mawa. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuwawerengera dziko, ndipo paliponse pamene panali minga ndinkadumpha. Kalata yakonso ndadumpha. Fomuyo ili m'ketulo yaukwati wathu, pamwamba pa kabati.

Pali china. Pamiyendo panga pamakhala dzanja la munthu. Abambo ako akuti ndi langa lamanzere, koma langa ndikulidziwa. Ili ndi lozizira, lolemera, ndipo siliyankha. Ndikuganiza ndi la achimwene ako. Iwe unali wamng'ono pamene anagwa padenga akukhoma ngalande za madzi. Anadzuka n'kuseka, kenaka anagona pabenchi lomwe lija akudikira chithunzi cha mutu, osadzukanso. Dzanja lawo ndinaligwira tsiku lonse mpaka linazizira chimodzimodzi. Sindikuliopa. Limangokhala ngati likudikira kuti ndimalize ntchito zanga.


10 Epulo

Bambo ndi Mayi,

Moni nonse. Mayi, kalata iyi muwerenge yonse, mzere ndi mzere. Mukadumpha, ndidzadziwa.

Ndalira kokwanira, tsopano tichite zinthu. Fomu yatsopano singatithandize. Akuti munthu wolowa akudwala kale amadikira miyezi khumi ndi iwiri asanamulipirire matenda amenewo. Koma amayi a mafayilo andinong'oneza njira. Fomu yakale ija ili ndi chidindo chawo cha tsiku lomwe inafika. Ikabwerera ili ndi chala cha Bambo ndi dzina la mboni, komiti ikhoza kuwerengera kuyambira tsiku limenelo, ine n'kumadulidwa za m'mbuyozo pang'onopang'ono. Sanalonjeze. Anati ikhoza. Komitiyo imakumana kawiri pachaka, ndipo ikumana Lachisanu lomaliza la Meyi. Ikatiphonya imeneyi ndiye mpaka Novembala.

Bambo, fomu ili m'ketulo pamwamba pa kabati. Mayi anaibisa chifukwa chokukondani, musawakalipire. Palibe amene adzaone chala chanucho kupatula anthu asanu m'chipinda chotseka, anthu oti sakukudziwani. Phazi la nkhuku ndi dzina lanu, ndikudziwa. Ine ndinaphunzira sukulu ndi phazi limenelo. Koma kompyuta sidziwa ndowa.

Mayi, dzanjalo ndi lanu. Ndafunsa anamwino kuno, akuti chotupa chikakhala kumanja munthu amaiwala mbali yake ya kumanzere. Si achimwene ayi. Chonde musamalankhule nalo.

Mupatse adalaivala fomuyo sabata ino.

Kamsomali


8 Meyi

Bambo,

Mwezi wathunthu ndikudikira pa depoti Loweruka lililonse. Adalaivala akuti makalata anga amakupatsani m'manja, inu mumangoti zikomo n'kuika m'thumba. Foni ya Mayi ndi yozima. Kodi mwandikwiyira chifukwa ndinanena za chala? Ngati ndi choncho ndikwiyireni, koma fomu itumizeni. Ngati kwagwa zina, musandibisire. Kwatsala masabata atatu.

Kamsomali


21 Meyi

Kamsomali mwana wanga,

Usadabwe ndi zilembo. Akulemba ndi atelala. (Moni mwana. Ndine ndemwe. Ndilemba zonse monga akunenera, ngakhale zonyoza ine.)

Amayi ako ali moyo. Ndayamba ndi zimenezo chifukwa atelala akuti ndi zomwe ukufuna kumva.

Sindinakukwiyire. Kalata yako ya Epulo itafika ndinawapatsa amayi ako. Anaigwira nthawi yaitali, kuitembenuza, kenaka anati, "Abambo, zilembozi zikuyenda." Anayesanso mawa lake, anangowerenga dzina lako. Kuchokera tsiku limenelo m'nyumba muno mulibe maso. Foni inazima, manambala otsegulira ali m'mutu mwawo momwemo. Makalata ako awiri ndayenda nawo m'thumba la ovolosi, yoyambayo masabata asanu. Ndinkawatulutsa, kuwanunkhiza, kuwabwezera. Ndinkati amayi ako akapezako bwino awerenga. Kuti ndipite kwa munthu wa mumsewu muno ndikanene kuti ndiwerengereni? Anthu onsewa amadziwa kuti ndimaiwala magalasi. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuiwala magalasi. (Tinkadziwa tonse. Palibe amene anawaonapo ndi magalasi.)

Lolemba masana ndinali pa benchi langa la ntchito, manja ali chete, chifukwa nyundo ndinaisiya kuti mutu wawo upume. Amayi ako anandiitana kuchokera kuchipinda. Anati, "Muuzeni mwanayo asiye kukhoma, akwanitsa." Ndinati palibe akukhoma. Anati, "Akukhoma padenga. Akuti ngalande yatha, tizipita." Ndinatuluka panja kukayang'ana. Dzuwa linali phwee, padenga palibe ngakhale mbalame. Nditabwerera ndinawapeza atavala nsapato imodzi, ya kumanja, atakhala m'mphepete mwa bedi ngati munthu wodikira basi.

Pamenepo ndiye ndinawoloka khomo. Atelala anali ndi kasitomala, akumuyeza thalauza. Ndinaika makalata onse pa makina awo, ndi akale omwe, n'kunena kuti, "Werengani. Ine sindidziwa kuwerenga." Kasitomala uja anayang'ana pansi. Atelala sanaseke. Ndikanakonda akanaseka, ndikanapeza pokwiyira.

Anawerenga onse, osadumpha minga. Ndamva za bowo. Ndamva za kalata yothokoza yomwe sinathokoze. Ndamva kuti ndakhala ndikutukwana anthu a ku ofesi pa mlandu wa nyundo yanga. Amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ine ndamva, koma nkhwangwayo ili m'mutu mwa amayi ako, wanga uli bwinobwino.

Ketulo ndinaitsitsa. Ndinaikhoma ndekha chaka chomwe ndinawakwatira, sitinaphikiremo ngakhale kamodzi. Fomu inalimo, yopindidwa kanayi. Kumanja dzina la amayi ako, zilembo zoongoka ngati mipendero ya atelala. Kumanzere phazi langa la nkhuku, kuwala kukudutsa. Ndinapita nayo kuchipinda kuti ndiwafunse chifukwa chake. Anandiyang'ana n'kumwetulira ndi theka la pakamwa, akuti, "Kampani ikuthokoza, abambo." Sindinafunsenso.

Chala ndadinda. Inki ndi ya atelala, ya pa malisiti awo. Koma tamvera izi. Chala changa chachikulu chilibe mizere. Malata ndi asidi wowotcherera zinadya kalekale. Tinadinda papepala lina kuyesa, chinangotuluka chibanthu chakuda ngati phula. Tinayesa chamkombaphala, chimodzimodzi. Zala zisanu ndi zinayi zonse zosalala ngati pansi pa beseni. Chotsala ndi kachala kakang'ono ka kumanzere, kaulesi, komwe sikanagwirepo ntchito moyo wanga wonse. Kameneko ndiye kali ndi dzina langa. Pafomupo ndadinda ziwiri, chibanthu ndi kachalako, pambali pa bowo. Atelala asaina ngati mboni. (Ndasaina, ndipo ndalemba kuti ndinaona ndi maso anga. Munthuyu ndi wovuta koma si wabodza.) Akakafunsa kuti mizere ya chala chachikulu ili kuti, ukawauze kuti ili pa ndowa za anthu.

Masiku ano ndimakhala kumanzere kwa amayi ako, kumene sandiona, n'kugwira dzanja lija. Dzulo anauza khoma kuti, "Dzanja la mwanayu layamba kufunda." Sindinawauze kuti ndine. Koma ndikalisiya pang'ono kuti ndikatunge madzi, ndimawapeza akufunafuna nsapato. Ndazibisa m'shopu. Mwana mmodzi ndinamutaya pabenchi lija ndili chikhalire, chipewa chili m'manja, ndikudikira kuti atiitane mwaulemu. Sindidikiranso mwaulemu.

Fomu ili m'kalata muno. Adalaivala ndawalipira kuti akupatse m'manja Loweruka, ndipo ndawauza kuti akaitaya asadzadutsenso msewu uno. Lachisanu la komiti ndi la sabata yamawa.

Tsono iwe Kamsomali, usakaisiye pawindo, usakapatse wa pakhomo, usakaike m'thireyi ya munthu. Lachisanu m'mawa uvule epuloni yako, ukwere masitepe, ukalowe nayo wekha m'chipinda cha anthu asanuwo. Akakati dikira panja, ukakhale pansi pakhomo pomwepo kuti potuluka akudumphe. Ukawaonetse bowolo, ukawauze kuti analiboola ndi bambo ako, mbuli yodzikuza, ndipo mayi amene anasaina bwinobwino kumanjako alibe mlandu. Ukanene mawu amenewo monga ndanenera, usadumphe. Ukachoka apo ukwerenso mpaka nsanjika yachitatu, ukamupeze mwini malaya obiriwira aja, umuone nkhope, umuuze tsiku lomwe ndikubwera nawo amayi ako.

Ine ndagwira dzanja kuno. Iwe thamanga.

Ndine bambo ako,
Phazilankhuku